Ziro 25 ndi w wa tsindwi: katundu woyenera kupita naye ku bwalo la olemba mapulogalamu

Pali pempho limene limabwerabwera pakati pa achinyamata athu ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Amati tiwakakamize eni ake a Python kapena JavaScript kuti pa mtundu wotsatira wa ziyankhulo zawozo alole mawu athu, kuti pamene pali if tizilemba ngati, pamene pali while tizilemba pamene. Pempholi limachokera mu mtima wokonda chiyankhulo, ndipo sindilinyoza. Koma ndikuti ndi pempho lolakwika, lopita pa khomo lolakwika, ndipo likutiiwalitsa katundu weniweni amene tili naye m'manja, yemwe akuluakulu a ziyankhulo za kompyuta sangamukane.

Tiyambe ndi mmene mlandu umazengedwera kumeneko. Python amatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse mu Okutobala. Munthu wofuna kuti chinthu chachikulu chisinthe amalemba chikalata chotchedwa PEP, momwe amafotokoza vuto, njira yolithetsera, njira zina zimene anaziganizira n'kuzitaya, komanso zimene zidzawonongeke m'mapulogalamu akale ganizo lake likalandiridwa. Kale chigamulo chinali m'manja mwa munthu mmodzi, Guido van Rossum, amene adayambitsa chiyankhulochi. Mu Julayi 2018, mkangano wa PEP 572, wokhudza kachizindikiro ka := kokha, unafika poipa moti iye anagamula kuti kalowe, kenaka n'kutula pansi udindo. Kuyambira 2019 amagamula ndi anthu asanu osankhidwa ndi anzawo olemba chiyankhulochi. Ngati timadontho tiwiri ndi mizere iwiri tinatopetsa mwini mudzi mpaka kusiya mpando, tiganize kuti angatani ndi mlendo wobwera n'kunena kuti mawu onse 35 amene Python anawapatula akhale ndi mapasa m'Chichewa, mawa m'Chishona, mkuja m'Chitumbuka. Walira mvula walira matope. Chilichonse cholowa m'chiyankhulo chimafuna wochisamalira kwa zaka makumi, ndipo funso loyamba limene amafunsa ndi lakuti adzachisamalire ndani.

Komanso mawu 35 sindiwo amagwetsa wophunzira. Mwana wa ku Mbare amawaloweza pa sabata imodzi. Chimene chimamugwetsa ndi buku lofotokoza, uthenga wa cholakwika umene kompyuta imamulavulira, ndi mphunzitsi amene sangathe kumuuza m'chiyankhulo cha kwawo chifukwa chake pulogalamu ikuzungulira malo amodzi. Kwa ana aang'ono njira ilipo kale, pakuti Scratch amalola timabokosi take kumasuliridwa, ndipo a Kiswahili ndi a isiZulu adamasulira. Ntchito imeneyo ikungodikira omasulira.

Nanga katundu amene ndikunenayo ndi uti? Yendani m'Graniteside, m'mbali mwa Seke Road ndi Kelvin Road, momwe muli mafakitale, nyumba zosindikizira, magalaja ndi ogulitsa zitsulo. Ambiri ogwira ntchito mmenemo amachokera ku Mbare ndi ku Sunningdale, ndipo ena mwa iwo ndi zidzukulu za matchona amene adachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Kalaliki aliyense wa kumeneko amene wakhala pa desiki zaka makumi awiri wawerengapo ndalama zimene kalaliki wa ku London sadzaziona pa moyo wake. Dola ya Zimbabwe inachotsedwa ziro 3 mu Ogasiti 2006, ziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi ziro 12 mu Febuluwale 2009. Zonse pamodzi ndi 25. Zilembo zoimira ndalamayo pa makompyuta a dziko lonse zakhala zikusintha motsatizana: ZWD, ZWN, ZWR, ZWL, ndipo tsopano ZWG, ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Lero lomwe risiti imodzi imatha kukhala ndi mitengo iwiri, wa dola ya America ndi wa ZiG. A ku Zambia nawo anachotsa ziro 3 pa 1 Januwale 2013, ZMK n'kusanduka ZMW, monga anachitira a ku Mozambique mu 2006 pamene MZM inasanduka MZN.

Taonani chimene zimenezi zikutanthauza kwa wolemba mapulogalamu. Nambala wamba ya JavaScript imasunga molondola nambala zathunthu mpaka 9,007,199,254,740,991 basi. Ophunzitsa amalangiza kuti ndalama tizizisunga m'masenti kuti tipewe zidutswa. Chabwino. Tengani pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni, lija linatuluka mu Januwale 2009, mulisandutse masenti. Mupeza 1 wotsatidwa ndi ziro 16, ndipo mwadutsa kale malire. Pepala limodzi lokha, limene silinkakwana n'kugula zakudya za sabata, linali lalikulu kuposa chimene chiyankhulocho chikanatha kuwerenga mosaphonya. JavaScript inadzalandira BigInt, nambala yopanda malire otere, mu 2020. Za zidutswa nazo vuto lilipobe: funsani kompyuta kuti iphatikize 0.1 ndi 0.2, idzakuyankhani 0.30000000000000004, chifukwa imawerenga m'mawiriawiri pamene ife timawerenga m'makumi. Ganizo loti JavaScript ikhale ndi nambala ya m'makumi yoyenera ndalama lakhala pa bwalo lawo, lotchedwa TC39, kwa zaka zingapo. Pa bwalo limenelo pamakhala nthumwi za makampani monga Google, Apple, Microsoft, Mozilla ndi Bloomberg, ndipo chimene amafuna kwa anthu akunja ndi umboni wakuti vutoli limapweteka anthu enieni pa ntchito yeniyeni. Ndani ali ndi umboni woposa wa munthu amene analemba pulogalamu ya malipiro m'Harare mu 2008, kapena amene lero amagawa msonkho pa risiti ya ndalama ziwiri?

Wina anganene kuti munthu wa kutali ngati ife samumvera. Mbiri ya Python ikutsutsa. Decimal, chida chimene olemba mapulogalamu a ndalama amadalira m'Python, chinalowa mu 2004 kudzera mu PEP 327, ndipo anailemba ndi Facundo Batista wa ku Argentina. Iye ankafuna mtundu wa nambala wosungira ndalama. Anzake anamuuza kuti ayambe wamanga maziko, nambala ya m'makumi imene aliyense angagwiritse ntchito, za ndalamazo zidzakhale pamwamba pake. Sanakwiye n'kuchoka. Anavomera kuchepetsa pempho lake, analemba chikalata, anagwira nawo ntchito yolemba pulogalamuyo, ndipo zimene anasiya zikugwirabe ntchito patatha zaka zoposa 20. Mfundo imene ndikuitola apa ndi yakuti anabwera ndi vuto la pa ntchito, ndipo anabwera atanyamula khasu.

Katundu wachiwiri ndi wamng'ono kwambiri, moti ena aseka: w wa tsindwi, ŵ, wa m'dzina la Malaŵi. Ndikudziwa kuti ambiri tinamusiya, ine ndemwe, ndipo ena amati n'zachikale. Koma ali m'mabuku akale, m'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi, m'mayina a anthu ndi a malo, ndipo a ku Kasungu ndi a ku Chipata amamutchulabe pakamwa. Aliyense wofuna kusunga zolembedwa zathu pa kompyuta adzakumana naye. Chilembochi chili mu Unicode, ndipo a ku Wales amachigwiritsanso ntchito. Kuyambira Python 3.0 wa mu Disembala 2008, chifukwa cha PEP 3131 ya Martin von Löwis, mukhoza kutcha chinthu m'pulogalamu yanu dzina loti chiŵerengero, Python osadandaula. Apa ndiye kuti theka la pempho la achinyamata athu lija lidayankhidwa kalekale, pakuti mayina onse amene wolemba amapeka yekha, omwe ndiwo ochuluka m'pulogalamu iliyonse, akhoza kukhala a Chichewa.

Msampha uli pena. Pa kompyuta ya Windows yoikidwa m'Chingerezi, Python akamalemba fayilo popanda kuuzidwa china, wakhala akugwiritsa ntchito ndandanda yakale ya zilembo za ku Ulaya wa kumadzulo, ndipo m'ndandanda imeneyo ŵ mulibe. Pulogalamu imene imayenda bwino pa Linux imagwa pa Windows ikangokumana ndi Malaŵi. Vutoli likutha, ndipo njira imene lathera ndi phunziro. Victor Stinner analemba PEP 540, imene inabweretsa mu Python 3.7, mu 2018, njira yoti wofuna asankhe UTF-8, ndandanda yokhala ndi zilembo za anthu onse. Inada Naoki wa ku Japan anatsatira ndi PEP 597, kuti Python 3.10 azitha kuchenjeza amene waiwala kusankha. Kenaka analembanso PEP 686, yoti UTF-8 ikhale yachizolowezi, ndipo anagwirizana kuti zimenezi ziyambe ndi Python 3.15. Masitepe atatu, zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wa ku Japan ankamenyera zilembo za kwawo, ndipo w wa tsindwi wapulumukira pa msana pake, ife tili chete. Zikanativuta chiyani kutumiza lipoti la mizere khumi losonyeza kuti chiyankhulo cha anthu mamiliyoni ambiri kum'mwera kwa Africa chimakhumudwa pa mwala womwewo?

Sindikunena kuti khomo ndi lotseguka mofanana kwa onse. Zokambirana zimachitika m'Chingerezi chothamanga. Amene amalipidwa ndi kampani kuti azikhala pa bwalo amapirira mkangano wa miyezi, pamene mnzathu wa ku Graniteside amalemba usiku, magetsi akabwera, ndi bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo. Kusiyana kumeneku n'koona ndipo n'kowawa. Komabe njira idapondedwa kale ndi anthu a mumzinda uno. Msonkhano woyamba wa PyCon Zimbabwe unachitikira m'Harare mu 2016. Marlene Mhangami anasankhidwa kukhala m'bodi ya Python Software Foundation mu 2017, ndipo anatsogolera PyCon Africa yoyamba ku Accra mu 2019. Anna Makarudze anafika pokhala pulezidenti wa Django Software Foundation. Tisasokoneze zinthu: bodi ya bungwe siigamula za kalembedwe ka chiyankhulo, imayang'anira chuma, misonkhano ndi thandizo. Koma amayi awiriwa anasonyeza kuti dzina lochokera ku Harare likhoza kudziwika ndi kukhulupiridwa kumeneko, ndipo pa mabwalo amenewa kukhulupiridwa ndiko kumatsegula makutu.

Tsopano ndifike pamene pakutikhudza tonse a mbali zonse za malire, pomwenso ndikuona kuti vuto ndi lathu. Pulogalamu ikafuna kulemba tsiku, mwezi kapena ndalama m'chiyankhulo china, JavaScript ndi Java amakatenga mawuwo m'nkhokwe ya Unicode yotchedwa CLDR. Mawu a m'nkhokwemo amalowetsedwa ndi kuvomerezedwa ndi anthu odziwa chiyankhulocho, ndipo pamene palibe chimene chalowetsedwa, pulogalamu imagwa m'chiyankhulo china, kawirikawiri Chingerezi. Chizindikiro chathu ndi ny, chimodzi kwa tonse. Ndiye tilowetsemo chiyani? Dzina lenilenilo, Chichewa monga adagamulira ku Malawi mu 1968, kapena Cinyanja monga alembera ku Zambia ndi ku Mozambique? Tilembe ch kapena c? Mwezi wachisanu ndi chinayi ndi Sepitembala kapena Seputembala? Nanga wa ku Angónia amene anazolowera mayina a miyezi a Chipwitikizi timuuza chiyani? Palibe wa ku California amene angatigamulire zimenezi, ndipo tikapita titagawanika adzatiuza mwaulemu kuti tibwerere tikagwirizane.

Ubwino wake ngwakuti makinawo safuna kuti wina agonje. Amalola maziko amodzi okhala ndi nthambi, ya ku Malawi, ya ku Zambia, ya ku Mozambique, ngakhale ya ku Zimbabwe, kumene malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula Chewa poyambirira pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Chofunika ndi kugwirizana za thunthu, n'kulemba poyera pamene nthambi zikusiyana. Chaka ndi chaka Achewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo sindikhulupirira kuti anthu okhoza zimenezo angalephere kumvana pa mayina a miyezi 12 ndi masiku 7. A Centre for Language Studies ku Zomba ali ndi akatswiri a kalembedwe, aphunzitsi a Cinyanja ali ku Lusaka ndi ku Chipata, olemba mapulogalamu ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kuno. Chikusowa ndi tsamba limodzi limene onsewa angaikepo dzanja.

Kotero kwa achinyamata amene mukufuna kuti dzina la kwathu limveke pa mtundu wotsatira wa chiyankhulo chimene mumalembera, pempho langa ndi ili. Mtundu woyeserera wa Python umatuluka miyezi ingapo Okutobala asanafike. Utengeni, muudyetse mafayilo okhala ndi ŵ ndi ng', muupatse risiti ya ndalama ziwiri ndi malipiro a mu 2008, ndipo chikathyoka mulembe lipoti lalifupi losonyeza mmene wina angachithyolerenso. Amene muli ndi mabuku akale a malipiro m'maofesi a m'Graniteside, chotsanimo mayina a anthu, musunge manambalawo ngati zitsanzo zoyesera. Ndipo inu a ku Tete ndi a ku Katete, tiuzeni mmene mumalembera Lolemba mpaka Lamulungu ndi miyezi yonse, kuti tione ngati kusiyana kwathu kukukwana ngakhale mizere isanu.