Woyendetsa ndeke akati "ndatopa", abwana amve

Ife a ku Kabanana tikakwela basi kupita m'tauni, timadutsa pafupi ndi bwalo la Independence Stadium. Pambali pake pali manda a Heroes Acre, pamene anagona anthu 30 amene anafela m'nyanja ku Gabon usiku wa pa 27 April 1993. Ambili mwa ife sitinakwelepo ndeke, ndipo nkhani za malipilo a oyendetsa ndeke timaziona ngati za anthu olemela. Koma manda aja amatikumbutsa kuti zocitika pakati pa woyendetsa ndeke ndi abwana ake zingathe kubweletsa malilo mpaka m'komboni mwathu.

Tikumbutsane zimene zinacitika. Timu yathu ya mpila inali pa ulendo wa ku Dakar kukasewela ndi Senegal. Ndeke inali ya asilikali a Zambia Air Force, ya mtundu wa Buffalo. Itangonyamuka ku Libreville, injini ya kumanzele inagwila moto. Lipoti la boma la Gabon limene linatuluka mu 2003 linati woyendetsa anazimitsa injini ya kumanja, imene inali yabwino, ndipo ndeke inagwela m'madzi. Lipotilo linachulanso kutopa, pakuti munthu yemweyo anali atangobwela kumene ndi timu kucokela ku Mauritius. Osewela 18 anathela pomwepo, pamodzi ndi aphunzitsi ao, akulu-akulu a mpila, mtolankhani ndi anchito a m'ndeke.

Sitikulemba izi kuti tiimbe mlandu munthu amene anagona kale, ndipo nayenso anasiya banja. Cimene tikunena n'cakuti ndandanda ya maulendo siilembedwa ndi woyendetsa ndeke. Imalembedwa mu ofesi. Munthu wotopa maso amaona, koma mutu umacedwa, ndipo kumwamba mphindi imodzi ndi yokwanila. Inu alimi mudziwa bwino. Ng'ombe yolima mumaimasula dzuwa likafika pamutu, ngakhale munda usanathe, cifukwa mukaikakamiza mzele umakhota ndipo mawa lake siidzuka. Ngati nyama timaipatsa mpumulo, nanga munthu amene wanyamula miyoyo ya anzake?

Nchito imeneyi ili ndi mwambo wolimba, ndipo n'koyenela kutelo. Woyendetsa ndeke amapimidwa ndi dokotala kawili-kawili. Amayesedwa luso lake mobweleza-bweleza pa makina ofanana ndi ndeke. Malamulo a maiko ambili amamuletsa kulawa moŵa maola osacepela 8 asanayambe nchito, ndipo amaika malile pa maola amene angauluke asanapumule. Wobwela ku nchito ataledzela, kapena wobisa matenda ake, ayenela kulangidwa, ndipo ife sitingamuikile kumbuyo.

Koma cilango cimaononga ngati cigwela munthu wolakwika. Woyendetsa akati, "Ndeke iyi ili ndi vuto, sindinyamuka," kapena akati, "Sindinagone, ikani wina," kampani imataya ndalama tsiku limenelo. Apaulendo amakwiya, ena amafunika kuwagoneka ku hotela. Ngati abwana ayankha ndi kalata ya cenjezo, kapena amulumpha pa nthawi yokweza anthu pa udindo, anzake onse amatengapo phunzilo. Tsiku lina adzaona vuto ndipo adzakhala cete. Kampani imene ilanga wonena zoona imadzaza ndeke zake ndi anthu amantha.

Dziko linaphunzila zimenezi ndi misozi. Pa 27 March 1977, pa cisumbu ca Tenerife, ndeke ziwili zikulu-zikulu, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pa bwalo kuli nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. M'ndeke ya KLM wanchito wina wamng'ono anafunsa ngati ndeke inzao inali itacoka pa njila, koma kapiteni, munthu wolemekezeka kwambili pa kampaniyo, anapitiliza kunyamuka. Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinacititsa kuti makampani ayambe kuphunzitsa anchito a m'ndeke kuti wamng'ono alankhule mosaopa ndipo wamkulu amvetsele. Makolo athu ananena kale kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Cimene cimaphunzitsidwa m'cipinda ca oyendetsa ciyenela kufikanso mu ofesi ya abwana.

Tsopano za malipilo. Ena amati, "Anthu amenewa amalandila zambili, adandaulanji?" N'zoona kuti malipilo ao aposa a mphunzitsi kapena a nesi. Koma maphunzilo ao ndi odula kwambili, ndipo dokotala akapeza vuto la mtima kapena la maso, nchito ingathe tsiku lomwelo. Komanso kampani yeniyeniyo ingagwe. Zambia Airways, imene tinali kunyadila ndi ndeke yake ya DC-10 yochedwa Nkwazi, inatsekedwa mu December 1994, ndipo anchito ake anangodzuka alibe nchito. Kampani ina, Zambian Airways, inaleka kuuluka mu January 2009. Amene anasankha zogula ndeke ndi zotenga nkhongole sanali oyendetsa, koma iwo ndi mabanja ao ndiwo anamva kuwawa.

Anzathu a ku Kenya anationetsa mmene zinthu zimaonongekela pamene mbali ziwili zaleka kumvana. Mu November 2022 oyendetsa ndeke a Kenya Airways ananyanyala nchito kwa masiku anai, podandaula za ndalama zao za penshoni ndi malipilo amene anatsalila. Akulu-akulu a kampani anaopseza kuti awalanga, ndipo khoti ndilo linalamula kuti abwelele ku nchito. Pa masiku amenewo apaulendo zikwi-zikwi anasowa mtengo wogwila, ndipo maluwa ndi ndiwo zamasamba zotumiza kunja zinacedwa. Kuno kwathu mafamu ozungulila Lusaka amatumizanso maluwa ndi ndiwo ku Ulaya pa ndeke, ndipo ana athu ena amagwila nchito m'mafamu amenewo. Ndeke ikaima, mphika wa m'komboni umamva.

Mpingo sunakhale cete pa nkhani za anchito. Papa Leo XIII mu 1891, ndiponso Papa Yohane Paulo II m'kalata yake ya Laborem Exercens mu 1981, anaphunzitsa kuti wanchito ayenela malipilo acilungamo, mpumulo, ndi ufulu wokhala m'bungwe la anchito. Papa Yohane Paulo anavomeleza kunyanyala nchito ngati njila yothela, koma anacenjeza kuti isagwilitsidwe nchito molakwa, maka-maka pa nchito zimene anthu onse amadalila. Mau amenewa amanga mbali zonse ziwili.

Mu 2016 maiko a European Union anacotsa ciletso cimene anaika pa ndeke za ku Zambia mu 2009, ndipo mu December 2021 Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka mogwilizana ndi Ethiopian Airlines. Dzina labwino limeneli tinalibweza movutika. Conco tipempha makampani onse a ndeke, pamodzi ndi a Civil Aviation Authority, zinthu zinai. Malipilo afike pa tsiku lake. Maola opumula asagulitsidwe ndi bonasi. Woyendetsa amene waulula kutopa kapena vuto la ndeke atetezedwe, ndipo wobisa ndiye alangidwe. Abwana ndi bungwe la anchito akhale pansi nkhani ikali yaing'ono, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Potsiliza tidziyang'ane tokha. Dalaivala wa minibasi amene atitenga pa siteshoni amadzuka kukali mdima ndipo amaweluka usiku, kuthamangitsa cashing ya mwini basi. Akanena kuti mabuleki afooka, nthawi zambili amauzidwa kuti pali anyamata ambili ofuna makiyi. Wa lole yonyamula cimanga kupita ku depoti nayenso amagona pa siteling'i. Ena mwa eni magalimoto amenewa timakhala nao pa benchi imodzi pa Sande, ndipo ena ndife tomwe. Ifenso okwela timakalipila dalaivala akamayenda pang'ono. Cimene tikupempha kwa abwana a ndeke tiyambe kucicita pa khomo pathu: wanchito akati watopa, kapena akati cipangizo cafa, timumvele tisanamuopseze.

Mwezi wa April ukafika, mabanja adzapitanso ku Heroes Acre ndi maluwa. Tikamadutsa pamenepo pa basi, tiwapemphelele, ndipo tifunse ngati munthu amene wagwila siteling'i anagona usiku wathawu.

Wolemba ndi katekisti wa ku Kabanana, Lusaka.