Tithokoze Amene Anakonza Tinjira Tifupitifupi ta ku Karoo

Amalawi ambiri amene anakwerapo basi kuchoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town amalidziwa dera la Karoo kudzera pa zenera. Msewu wa N1 umawongoka mtunda wautali pakati pa miyala ndi tizitsamba totuwa, ndipo basi ikaima pa Beaufort West anthu amatsika, kuwongola miyendo, kugula chakumwa, nʼkubwerera pa mipando yawo. Kumpoto kwa tauniyo kumaoneka mapiri a Nuweveld, ansonga zaphwatalala. Ndi ochepa amene amadziwa kuti mʼmunsi mwa mapiri amenewo, pafupi kwambiri ndi msewu, muli malo osungirako zachilengedwe a Karoo National Park, ndi kuti mʼmenemo muli tinjira tiwiri toyenda pansi timene mwana wamngʼono ndi agogo ake angathe kumaliza limodzi. Amene anakonza tinjira timeneti ndi amene akutisamalira mpaka lero ndi oyenera kuwathokoza.

Pakiyi inatsegulidwa mu 1979, koma ganizo lake ndi lakale. Mlimi wina wa mʼderalo wokonda mbalame, William Quinton, anayamba kuchonderera cha kumapeto kwa zaka za mʼma 1950 kuti pakhale malo otetezedwa, ndipo patapita nthawi khonsolo ya Beaufort West inapereka mahekitala 7,209 a malo a tauni kuti akhale chiyambi chake. Dziko lake ndi louma kwambiri. Mʼchigwa mvula ya chaka chonse kawirikawiri siifika ngakhale mamilimita 300. Mu Januwale dzuwa limaswa mtengo, pomwe mu Julayi madzi amaundana usiku ndipo nthawi zina pamwamba pa mapiri pamagwa chipale chofewa. Malo otere ndi osavuta kuwasiyira anyamata amphamvu onyamula zikwama zamsana, nʼkuuza ena onse kuti azionera mʼgalimoto.

Bungwe la SANParks, limene limayangʼanira mapaki a dziko la South Africa, lili nazo njira za anthu amphamvuwo. Njira yotchuka ya Otter Trail, ya mʼmbali mwa nyanja, imatenga masiku asanu, ndipo mwana wosakwana zaka 12 saloledwa. Palibe cholakwika pamenepo. Chimene tikuyamikira nʼchakuti bungwe lomwelo linaona kuti kanjira ka mamita 400 nako ndi ntchito yofuna nzeru, ndalama ndi chisamaliro.

Kanjira koyamba ndi Fossil Trail. Nʼkowakidwa bwino, kosalala, kotakasuka moti njinga ya munthu waulumali imayendamo, ndipo anakakonza poganiziranso anthu osaona. Mʼmbali mwake anaikamo mafupa osanduka miyala a nyama zimene zinkakhala kuno zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ma dinosaur asanakhaleko. Pa nthawi imeneyo Karoo sinali chipululu. Inali chigwa chachikulu cha mitsinje yosefukira, ndipo matope amene mitsinjeyo inkasiya ndiwo anakwirira nyama zakufa nʼkuuma kukhala miyala imene tikuiona lero. Mʼmiyala ya dera la Beaufort West mwapezeka Bradysaurus, chinyama chonenepa chodya zomera. Mwapezekanso Diictodon, kanyama kakangʼono kamene kankakumba mauna opiringizika pansi, ndi zilombo za mano aatali za mʼgulu la gorgonopsia zimene zinkasaka zinzake. Akatswiri a padziko lonse amabwera ku Karoo chifukwa miyala yake inasunga mbiri ya makolo akale a nyama zoyamwitsa, komanso mbiri ya tsoka lalikulu la zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo, pamene mitundu yambiri ya zamoyo inatheratu.

Zinthu zoterezi kawirikawiri zimatsekeredwa mʼnyumba zosungiramo zakale mʼmizinda ikuluikulu, kutali ndi kumene zinafukulidwa. Kuno mwana amaona fupa, nʼkutukula maso kuona phiri la miyala yamtundu womwewo imene inasunga fupalo. Mphunzitsi aliyense angavomereze kuti phunziro lolowa chonchi silituluka msanga mʼmutu. Kwa ife pali chinanso. Akatswiri a miyala anatenga dzina la Karoo nʼkulipereka ku gulu lonse la miyala ya nthawi imeneyo imene ili mʼmaiko ambiri a kumwera kwa Africa, ndipo malasha okumbidwa ku Mchenga mʼboma la Rumphi ali mʼgulu lomweli. Ku Chiweta, mʼmphepete mwa nyanja, kunapezeka mafupa a nyama za mʼmabanja omwewa. Mwana wa Mmalawi wobadwira ku Cape Town akayenda mamita 400 amenewa, akuwerenganso mbiri ya nthaka ya kwawo kwa makolo ake.

Kanjira kachiwiri, Bossie Trail, nʼka mamita 800, ndipo kamakwera pangʼono mʼmiyala. Ntchito yake ndi yophunzitsa maso. Munthu wa pa basi amaona tchire lamtundu umodzi, lotuwa, lopanda kanthu. Woyenda pansi amapeza kuti zomerazo nʼzamitundumitundu, ndipo zambiri anaziikira zikwangwani za maina. Zina zili ndi masamba onenepa osunga madzi, zina timasamba tingʼonotingʼono taubweya tosataya chinyezi, zina zimaoneka zakufa mpaka mvula itagwa. Kapokbos amatulutsa njere zokutidwa ndi ubweya woyera ngati thonje, ndipo ukafikisa tsamba lake mʼmanja limanunkhira. Tizitsamba tonunkhira totere nʼtimene nkhosa za ku Karoo zimadya, nʼchifukwa chake nyama yake ili ndi kakomedwe kodziwika mʼdziko lonselo. Woyenda mwachifatse amathanso kukumana ndi kamba, poti pakiyi ili ndi mitundu isanu ya akamba.

Chiyeso chenicheni cha tinjira timeneti chinabwera mu 2010, pamene mikango inabwezeretsedwa mʼpakimo kuchokera ku paki ina ya Addo, patatha zaka zoposa 150 kulibe mkango wakutchire mʼderalo. Mkango ukalowa, nkhani ya kuyenda pansi imasintha. Chapafupi chinali kungolamula kuti aliyense akhale mʼgalimoto. Oyangʼanira anasankha kutchinga malo ogona alendo ndi mpanda wamagetsi, nʼkusiya tinjira tiwiriti mʼkati mwake, kuti mayi azitha kuyenda ndi ana ake opanda mfuti patsogolo. Pamenepa mpamene tikuona kuti mabanja sanawaiwale. Wofuna kukwera phiri ndi okalamba ali ndi msewu wa Klipspringer Pass, umene galimoto wamba imakwera mpaka pamalo oonera a Rooivalle, pomwe ziwombankhanga zakuda zimauluka mʼmatanthwe posaka mbira. Mʼnjiramo amaona mbidzi za mʼmapiri, nchefu, ngoma, nthiwatiwa ndi chinkhoma chitaima pa nsonga ya mwala.

Kuyamikira kwathu sikukubisa mtengo umene unalipiridwa. Kunja kwa mpanda munthu sayendanso yekha. Amadikira mlonda wa paki, ndipo amene ankakonda kukwera mapiriwa mwaufulu anataya kanthu ndithu. Alimi oyandikana nawo anatayanso zawo. Mu 2015 mkango wotchedwa Sylvester unadutsa pansi pa mpanda wa paki mvula itakokolola dothi, nʼkuyenda makilomita oposa 300 kwa milungu yoposa itatu ukupha nkhosa za anthu. Utathawanso mu 2016 anausamutsira ku dera la Addo. Mlimi amene anapeza nkhosa zake zitafa ali ndi chifukwa chosaombera mʼmanja, ndipo mawu ake ayenera kumveka nthawi zonse pokamba za pakiyi.

Palinso nkhani ya amene amafikako. Polowa pa chipata, nzika za maiko a SADC, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, zimalipira mtengo wotsika poyerekeza ndi alendo a kutsidya kwa nyanja zikaonetsa pasipoti, ndipo izi nʼzabwino. Mu Seputembala pamakhala sabata imene nzika za South Africa zimalowa ulere masana. Koma kuchokera pa chipata kukafika pamene tinjirati tili pamafunika galimoto, chifukwa msewuwo umadutsa mʼdera la mikango. Banja la ku Beaufort West lopanda galimoto, kapena mlongo wathu wogwira ntchito zapakhomo ku Cape Town amene amadalira basi, amathera pa chipata. Kanjira kamene kanakonzedwa kuti wa pa njinga yaulumali ayendemo nʼkosafikirika kwa munthu wa miyendo yabwino koma wa thumba lopepuka, chonsecho chiyambi cha pakiyi chinali malo a anthu a mʼtauni yomweyo.

Pempho lathu kwa SANParks ndi khonsolo ya Beaufort West nʼloti pakhale minibasi yonyamula anthu kuchokera mʼtauni kukafika pa malo ogona alendo, ngakhale Loweruka lokha ndi pa tchuthi cha sukulu, pa mtengo umene banja wamba lingakwanitse. Ntchito yovuta, yowaka njira, yosamala mafupa ndi yomanga mpanda, anaigwira kale ndipo anaigwira bwino. Kwa abale athu amene ali ndi galimoto ndipo amadutsa pa N1 mu Disembala popita kumudzi, tikuti patukani. Fikani mʼmawa dzuwa lisanakwere, tengani madzi okwanira ndi zipewa za ana, ndipo mupatule maola awiri a tinjira tonse tiwiri musanabwerere pa msewu.