Vesti yolemera yatchuka pa TikTok, koma amayi a ku Mzimba anayamba kalekale kusenza

Amene mumakhala pa TikTok ndi Instagram mwaiona kale. Azimayi a ku America ndi ku Ulaya, makamaka a zaka za m'ma 40 ndi 50, akumayenda mumsewu atavala chijekete chopanda manja, m'matumba mwake atalongamo zitsulo kapena mchenga. Dzina lake akuti weighted vest. Akuti ukamaivala poyenda mafupa amalimba, ndiye sudzathyoka chiuno ukakalamba. Ena mwatifunsa ku inbox ngati ndi nzeru kuitanitsa kwa achimwene amene ali ku Joni.

Yankho lathu ndi lakuti sungani kaye ndalama zanu. Koma funsolo ndi labwino kwambiri, chifukwa nkhani ya mafupa a mzimayi sitiikamba, pomwe ikutikhudza tonse.

Fupa ndi chinthu chamoyo, limamangika ndi kugumuka tsiku lililonse. Kuyambira ubwana mpaka cha m'ma zaka 30, thupi limamanga kwambiri kuposa mmene limagumulira. Zikadutsa zaka zimenezo, timayamba kudya zomwe tinasunga, ngati chimanga cha munkhokwe. Mzimayi akasiya kusamba, mphamvu ya m'thupi yotchedwa estrogen, yomwe imateteza mafupa, imatsika, ndipo mafupa amayamba kuphweka msanga. Akaphweka kwambiri madokotala amati ndi osteoporosis. Matendawa samva kuwawa poyamba. Munthu amangodziwa tsiku lomwe waterereka pang'ono pabafa n'kuthyoka mkono kapena fupa la m'chiuno. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati pa dziko lonse, mzimayi mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha vutoli. Agogo aja amene anawerama msana timangoti ndi ukalamba, nthawi zina amakhala kuti timafupa ta msana tinaphwanyika mwakachetechete.

Ndiye vestiyo imathandizadi? Umboni wake ndi wochepa poyerekeza ndi phokoso lomwe ili nalo. Kafukufuku yemwe ogulitsa amakonda kutchula anatuluka mu 2000 ku Oregon State University. Anali wa azimayi 18 okha, ndipo amene mafupa awo a m'chiuno anatetezeka sankangoyenda atavala vesti: ankachita masewero odumpha kwa zaka zisanu. Mu 2025 ofufuza a ku Wake Forest University anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu achikulire 150 omwe ankachepetsa thupi. Ena ankavala vesti maola ambiri pa tsiku kwa chaka chathunthu, koma mafupa awo a m'chiuno anaphweka chimodzimodzi ndi a anzawo osavala. Zomwe zinaoneka kuti zikugwira ntchito ku Australia, mu kafukufuku wotchedwa LIFTMOR, ndi kunyamula zitsulo zolemera ndi kudumpha, mphindi 30 zokha kawiri pa sabata, mlangizi ali pomwepo.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Alangizi ambiri amati vesti ilemere pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya thupi la woivala. Kwa mzimayi wa makilogalamu 60, ndiye kuti makilogalamu atatu mpaka sikisi basi. Chigubu cha malita 20 chomwe mtsikana wa ku Manyamula amasenza kuchokera pamjigo chimalemera makilogalamu 20, ndipo amabwerera kangapo dzuwa lisanakwere. Onjezani mtolo wa nkhuni wochokera kufupi ndi nkhalango ya Perekezi, thumba la chimanga lopita kuchigayo, dengu la tomato ndi anyezi lopita pamsika wa Jenda, mwana ali kumbuyo. Mu 2016 UNICEF inatchula chiwerengero cha United Nations chakuti ku Malawi azimayi otunga madzi amathera mphindi 54 pa ntchitoyi, pomwe abambo amathera mphindi 6.

Kuno ku Mzimba katunduyu amalemera mowirikiza. Tonse tikudziwa kuti midzi yambiri ya ku Embangweni, Edingeni ndi Luwerezi anyamata ndi abambo ambiri ali ku South Africa. Ena amatumiza ndalama, malata amakwera, tikuthokoza. Koma munda, ng'ombe, ana ndi apongozi okalamba zimatsala m'manja mwa mkamwana, ndipo akadandaula amakumbutsidwa za ng'ombe za lobola.

Pali ena, makamaka ma bro a mu comment section, amene anena kuti, "Eti mwaona, azungu akuchita kugula zomwe amayi athu amapeza ulere. Kusenza ndi jimu." Tikukana. Fupa limalimba likamalandira mphamvu kwa kanthawi kochepa, mosinthasintha, kenako n'kupuma ndi kudyetsedwa. Wovala vesti amasankha yekha kulemera kwake, amaivula akatopa, katunduyo amagawanika pathupi, akafika kunyumba amapeza mkaka mufiriji. Wosenza chigubu katundu yense ali pankhata, kukanikiza khosi ndi msana. Sangasankhe tsiku lopuma. Amasenza ali ndi pakati, amasenza patangopita masabata ochepa atachira, amasenza asanadye kanthu. Ofufuza amene anatsatira azimayi otunga madzi ku Limpopo anapeza ambiri akudandaula za kuwawa kwa khosi ndi msana, ndipo kunyamula zolemera kwa zaka zambiri kumatchulidwanso pakati pa zinthu zomwe zimachititsa chiberekero kutsika. Kuzitcha masewero olimbitsa thupi ndi chipongwe.

Vuto linanso lili m'mbale. Mafupa amamangidwa ndi kashiamu ndi zakudya zomanga thupi, pomwe nsima ya ufa woyera ilibe kashiamu wokwanira. Chomvetsa chisoni n'chakuti Mzimba ndi dziko la ng'ombe, koma m'makomo ambiri amene waphika ndiye amadya pomaliza, ndiwo zitatha. Mtsikana wotenga mimba ali ndi zaka 15 amamanga mafupa a mwana pomwe ake asanamalize kumangika. N'chifukwa chake kusintha kwa malamulo a dziko lino mu 2017, komwe kunatseka mpata wokwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndi nkhani ya mafupanso.

Atsikana anzathu a m'tauni, ife sitili kunja kwa nkhaniyi. Ambiri tili m'zaka zomaliza zodzaza nkhokwe ija, koma tsiku lonse tili pampando, kuchoka apo pakabaza, kenako pabedi ndi foni. Ena tikudzimana chakudya kuti tikhale ndi figure, mpaka msambo kusiya kubwera. Msambo ukasiya chifukwa cha njala, mafupa amaphweka ngati a mayi wachikulire.

Zoyenera kuchita sizifuna oda ya ku Joni. Dumphani chingwe. Bwererani ku netiboli, masewero omwe anatulutsa Mwawi Kumwenda, mwana wa ku Mzimba konkuno amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa World Cup ya 2015. Chitani ma squat, kwerani zitunda, nyamulani zolemera zomwe mwasankha nokha ndipo muzipuma. Idyani usipa, matemba ndi bonya ndi minga yake yomwe, chambiko, phala la mawere, soya, nyemba, bonongwe ndi mpiru. Wothani dzuwa pang'ono kuti thupi lipange vitamini D. Fodya ndi mowa wambiri zimadya mafupa. Amayi kapena agogo amene anathyokapo kale fupa asayambe kudumpha kapena kuvala zolemera asanaonane ndi achipatala.

Pali mfundo ziwiri zomwe tili ndi ufulu wouzidwa kuchipatala. Jakisoni wolera wa Depo amachepetsako kulimba kwa mafupa pa nthawi yomwe ukumugwiritsa ntchito, ngakhale kuti mafupawo amabwereranso kwa ambiri akasiya, ndipo World Health Organization imati azimayi a zaka 18 mpaka 45 angathe kumugwiritsa ntchito popanda choletsa. Tenofovir, mmodzi mwa mankhwala omwe ali mu ma ARV amene ambiri amamwa, nayenso amakhudza mafupa pang'ono. Musasiye kulera, musasiye ma ARV. Funsani anamwino mafunso, ndipo muonjezere chidwi pa kadyedwe ndi masewero.

Kupewa n'kofunika chifukwa fupa la m'chiuno likathyoka kuno, njira yake ndi yaitali. M'zipatala zambiri za m'maboma wodwala amagona masabata angapo mwendo atawumangirira ku cholemera, ndipo wofunika opaleshoni amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital kapena ku LION ku Lilongwe. Amene amagona pansi pa bedi kudikirira wodwalayo ndi mzimayi mnzathu, wasiya sukulu kapena geni yake.

Choncho pempho lathu likupita kwa makhansala a M'mbelwa District Council ndi aphungu a kummwera kwa Mzimba: ndalama za chitukuko ziyambe zapita ku mijigo ndi mipopi yapafupi ndi midzi, ndipo yowonongeka izikonzedwa msanga. Mafumu athu, mawu anu amamveka kuposa athu. Nenani pabwalo kuti mnyamata kutunga madzi si manyazi. Achimwene amene muli ku Joni, musanatumize sipika ina, tumizani ya wilibala kapena njinga, ndipo ngolo ya pakhomo izinyamulanso madzi ndi nkhuni. Ife a m'tauni tikapita kumudzi pa holide, tisamangojambula amayi atasenza n'kulemba kuti "strong woman". Tiwalandire katunduyo, ndipo tiwafunse alongo athu chifukwa chake akhala pansi.

Pa 20 October ndi tsiku lokumbukira matenda a osteoporosis pa dziko lonse. Tisanafike tsikulo, tiuzeni mu comment: kwanu madzi amatunga ndani, ndipo mjigo uli patali bwanji? Mayankho anu tikawatula kukhonsolo.