Cifukwa ciyani timakonda nthano zoopsa?

Ana ambiri amakonda nthano za mizukwa, za afisi olankhula ndi za zilombo zomeza anthu. Pomvera amanjenjemera, koma mawa lake amapempha kuti awasimbirenso. Makolo ena amati nthano zotere n'zoipa cifukwa zimalotetsa ana maloto oopsa. Ine ndikuona kuti nthano yoopsa, ikasimbidwa bwino, imathandiza mwana. Tiyeni tione cimene cimaipatsa mphamvu.

Coyamba, cinthu cimene sitikuciona cimaopsa kuposa cimene tikuciona. Wosimba waluso sathamangira kufotokoza cilombo conse. Amayamba ndi mapazi acilendo pa mcenga, kapena mawu ocokera kuthengo usiku. Zotsalazo womvera amadzijambulira yekha m'mutu. Opanga mafilimu amadziwanso zimenezi. Mu 1975 Steven Spielberg wa ku America anatulutsa filimu ya Jaws. Ndi nkhani ya nsomba yolusa ya m'nyanja yamcere, imene pa Cipwitikizi amati tubarão. Nsomba ya mufilimuyo inali ya makina, ndipo inkawonongeka kawirikawiri m'madzi. Motero kwa nthawi yaitali oonera saiona nsombayo. Amangoona madzi ndi kumva nyimbo yocenjeza kuti yayandikira. Vuto la makina lija ndi limene linakulitsa mantha a anthu.

Caciwiri, tiyenera kumukonda munthu amene ali pangozi. Cilombo cikadya munthu wopanda dzina, sitimva kanthu. Koma akakhala mwana wamasiye amene watumidwa kukatunga madzi kukuda, pa citsime cofanana ndi ca m'mudzi mwathu, mtima umatigunda. Timadziona ife eni m'malo mwake.

Cacitatu, cilombo cabwino cimasenza mantha enieni a anthu. Mu 1945 mabomba a atomu anagwetsedwa pa mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan. Mu 1954 anthu a ku Japan anapanga filimu ya Godzilla, cilombo cacikulu cimene cinadzutsidwa m'nyanja ndi kuyesa mabomba otere. Oonera ankadziwa bwino lomwe cimene cilomboco cinkaimira. Kwa anansi athu ku Malawi kuli Napolo, cinjoka cimene amati cimakhala pansi pa phiri. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri n'kupha anthu ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, anthu anati Napolo wadutsa. Ife tikudziwa kuti mvula yambiri ndi imene imagumula nthaka ya m'phiri. Komabe dzina la Napolo limakumbutsa ana ndi adzukulu kuti m'tsinde mwa phiri muli ngozi.

Cacinayi, cilombo ciyenera kukhala ndi pofooka pake. M'buku la Bram Stoker la mu 1897, Dracula ndi woyamwa magazi wamphamvu kwambiri. Koma amaopa adyo ndi mtanda, ndipo sangalowe m'nyumba ngati sanaitanidwe. M'nthano zathu zilinso cimodzimodzi. Cilombo cimakhala ndi mphamvu, koma n'cadyera ndi copusa, ndipo kamwana kocenjera kamacigonjetsa. Cikanakhala cosagonjetseka, womvera akanataya mtima msanga. Popeza njira yopulumukira ilipo, timamvera mpaka kumapeto kuti tione ngati mwanayo aipeze.

Nanga cisangalalo cimacokera kuti? Munthu akacita mantha, mtima umathamanga, mpweya umafulumira, ndipo thupi limakonzeka kuthawa. Zimenezi zimacitika ngakhale ngozi ili ya m'nthano cabe. Koma womvera amadziwa kuti ali pakhomo, pafupi ndi agogo ndi abale ake. Nthano ikatha thupi limamasuka, ndipo onse amaseka. Apa mwana amaphunzira kuti mantha amabwera ndipo amapita. Ili ndi phunziro lalikulu, cifukwa m'moyo adzakumana ndi zoopsa zenizeni.

Makolo odandaula aja ali ndi mfundo imodzi yoona. Nthano iyenera kuyenerana ndi msinkhu wa mwana. Imene ingakomere mwana wa zaka 12 ikhoza kusowetsa tulo wa zaka 4. Wosimba aziyang'ana nkhope za omvera ake.

Palinso cina cofunika kusamala naco. Nthano ndi yosiyana ndi mphekesera. Nthano ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi yopeka. Mphekesera imanenedwa ngati zoona, ndipo imaloza cala munthu wamoyo. Mu 2017 kumwera kwa Malawi kunamveka mphekesera ya anamapopa, imene ku Zambézia amati chupa-sangue. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo palibe namapopa amene anapezeka. Pamene cilombo capatsidwa nkhope ya mlendo kapena ya gogo wa m'mudzi, siikhalanso nthano ayi.

Conco tisaletse nthano zoopsa. Funsani agogo anu kuti akusimbireni imene iwo ankaiopa ali ana. Imvereni bwino, muone pamene cilombo cabisika ndi pamene pali kufooka kwake. Kenako muilembe m'Cinyanja, mudzawerengere anzanu m'kalasi.