Wotsutsa boma si mdani wa dziko

M'chaka cha 1826, phungu wina wa ku Britain, John Cam Hobhouse, anatchula aphungu osagwirizana ndi boma kuti ndi "otsutsa a Mfumu". Dzinalo linakhazikika, moti mpaka lero chipani chachikulu chimene sichili m'boma kumeneko chimatchedwa His Majesty's Loyal Opposition, kutanthauza otsutsa okhulupirika kwa Mfumu. Kuno kwathu ambiri angafunse kuti munthu angatsutse bwanji boma n'kukhalanso wokhulupirika.

Mawu akuti opposition anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ndi kuika chinthu moyang'anizana ndi chinzake. Ndi mmenenso aphungu amakhalira ku Westminster: a boma mbali iyi, otsutsa mbali inayo, maso ndi maso. Azungu akafuna kunena za udani weniweni amati hostility kapena enmity. Wa opposition amakana maganizo ako, pamene wa enmity amafuna kuti iweyo uwonongeke.

Chifukwa chomvetsa kusiyanaku, kuyambira 1937 mtsogoleri wa otsutsa ku Britain amalandira malipiro ochokera m'thumba la boma. Amasankha aphungu ake oti aliyense azilondalonda unduna umodzi, ndipo komiti yofufuza mmene ndalama za boma zagwirira ntchito imatsogozedwa ndi phungu wa mbali yotsutsa. Dziko limalipira munthu kuti azilozera boma pamene lalakwitsa.

Ife mbiri yathu inatiphunzitsa zina. Nduna zimene zinasemphana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda mu 1964, monga Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa, zinatchedwa zigawenga n'kuthawira kunja. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Pambuyo pake Orton Chirwa anagwidwa, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, chaka chomwe mabishopu a Katolika analemba kalata yodzudzula nkhanza za boma. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Lamulo linasintha, koma mantha ndi chidani zinatsalira m'mitima.

Taonani zimene zimachitika nthawi ya kampeni. Mayi wogulitsa tomato pamsika amabisa chitenje cha chipani chake pansi pa dengu akamva kuti galimoto ya anyamata a chipani china yafika. Pamaliro, anthu a mbendera zosiyana amalimbirana kuti ndani ayankhule, anamfedwa ali pomwepo akulira. Mfumu imaopa kupatsa moni phungu wotsutsa poyera, kuti mudzi wake ungachotsedwe pamndandanda wa olandira feteleza. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa amene akudanawo ndi anthu otunga pamjigo umodzi.

Otsutsa nawonso ali ndi mlandu wawo. Kukana chilichonse chimene boma labweretsa, ngakhale chili chabwino, n'kuwononga udindo. Wotsutsa weniweni amawerenga bajeti tsamba ndi tsamba, amafunsa kumene kwapita ndalama za mankhwala, ndipo akadzudzula amanenanso zimene iyeyo akanachita. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Wokutsina khutu amatero pofuna kuti upulumuke.

Tinaonapo kuti njira imeneyi ndi yotheka. Otsutsa atakana zotsatira za chisankho cha 2019 anapita kukhoti, ndipo pa 3 February 2020 oweruza analamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso. Mkangano waukulu chotere unagamulidwa ndi umboni komanso lamulo.

Choncho amene ali m'boma aleke kutumiza anyamata kukasokoneza misonkhano ya anzawo, ndipo wayilesi ya boma itsegule khomo kwa onse, popeza msonkho oyiyendetsera umachokera kwa onse. Chipani chilichonse cholamula chidziwe kuti ufulu umene chikumana otsutsa lero chidzaufuna chokha tsiku limene mavoti adzachitembenukire.