Mwala suyatsa babu, lekani kukumba magombe a Shire

Kanema uja wabweranso m'mafoni. Munthu wagwira mwala wonyezimira, walumikizako mawaya awiri, babu layaka, ndiye akuti mwalawo uli ndi magetsi osatha. Kanemayu adayamba kuzungulira pa WhatsApp ndi Facebook mu Januwale 2023, akuti adajambulidwa ku Congo, kenaka padatuluka ena oti ndi a ku Zimbabwe. Kuno kuchigwa cha Shire nkhaniyi yamera nthambi: eti miyala yotere iliponso pa mathithi a Kapichira, n'chifukwa chake makina a magetsi adamangidwa pamenepo. Limeneli ndi bodza, ndipo zikutipweteka mtima kuti ngakhale anthu opita kusukulu akulitumiza kwa anzawo osaima kaye n'kuganiza.

Tonsefe tidaona ndi maso athu zomwe zidachitika mu Januwale 2022. Namondwe Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira, madzi adalambalala, osalowanso m'makina. Makina anayi a pamenepo, omwe pamodzi amapanga mamegawati 129.6, adangoti zii. Dziko lidavutika ndi kuzimazima kwa magetsi chaka chathunthu ndi miyezi ina, zigayo zitaima, owotcherera zitsulo atakhala manja lende, mpaka EGENCO itabwezeretsa madzi m'njira yake mu 2023. Nthawi yonseyo miyala ya pa Kapichira idali pompo, palibe adaisuntha. Ikadakhala ndi magetsi, bwanji sidatiwunikire? Chidasowa ndi madzi. Shire akamatsika pamathithi amazungulitsa mapiko a makina, makinawo amazungulitsa maginito pakati pa mawaya a kopa, magetsi n'kubadwa. Madzi akachoka, zonse zimathera pomwepo.

Tsono wina anena kuti mwina m'kati mwa mwala muli chinsinsi chomwe ophunzira sadachitulukire. Apa ndiye pofooka penipeni pa mphekeserayi, chifukwa m'kati mwa miyala anthu adasuzumiramo kalekale. Mu 1912 Max von Laue wa ku Germany adaonetsa kuti cheza cha X-ray chikadutsa m'mwala wa ngodya zosalala chimamwazika mwadongosolo, n'kusiya timadontho pa filimu. Chaka chotsatira William Henry Bragg wa pa yunivesite ya Leeds ndi mwana wake Lawrence, yemwe adali ku Cambridge, adawerenga timadonthoto n'kudziwa mmene maatomu adakhalira m'njere ya mchere. Posakhalitsa adachita chimodzimodzi ndi daimondi komanso pyrite, mwala wachikasu wonyezimira uja umene ambiri amauyesa golide. Bambo ndi mwana adalandira mphotho ya Nobel mu 1915, Lawrence ali ndi zaka 25 zokha. Maphunziro amenewa amatchedwa crystallography, ndipo amagwira pa chilichonse chomwe maatomu ake adandandalikana mobwerezabwereza, kaya mwala, kaya mchere, kaya njere ya shuga wa ku Nchalo.

Asakunamizeni kuti izi ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Lawrence Bragg adasonkhanitsa gulu la ofufuza pa yunivesite ya Manchester, ndipo mmodzi mwa iwo, R. W. James, adasamukira ku Cape Town mu 1937 kukaphunzitsa. Wophunzira wa James, Aaron Klug, wokulira ku Durban, adadzalandira mphotho ya Nobel mu 1982. Dorothy Hodgkin, wobadwira ku Cairo, adagwiritsa ntchito njira yomweyi ku Oxford pozindikira kapangidwe ka penisilini, vitamini B12 ndi insulini yomwe odwala shuga amabayitsa. Ntchito imene yathandiza kumvetsa mankhwala a m'zipatala zathu ndi yomweyo imene ikutiuza za mwala wa m'kanema uja.

Akatswiri a miyala omwe adaunika makanemawo adati mwalawo ukuoneka ngati pyrite. Mu pyrite muli chitsulo ndi salufa, atomu imodzi ya chitsulo pa maatomu awiri a salufa. Mwala wotere umalola magetsi kudutsamo, koma suwapanga ndipo suwasunga. Uli ngati paipi: imapititsa madzi, koma si chitsime. Choncho babu likayaka, batire ilipo penapake, m'dzanja, m'thumba kapena kuseri komwe kamera sikuonetsa. Wojambulayo amasankha yekha zoti inu muone.

Zina zomwe anthu akutchula n'zosavuta kuyankha. Zoti miyala imathetheka mukaigundanitsa n'zoona, koma amenewo ndi moto wa tizidutswa totentha. Zoti quartz imatulutsa magetsi ikafinyidwa n'zoonanso, adazitulukira Jacques ndi Pierre Curie mu 1880, koma ndi kamphamvu ka kanthawi kochepa kosakwanira kuyatsa babu, ndipo ngakhale wotchi ya quartz imaima batire ikatha. Zoti boma likubisa? Boma lomwe lidasowa mtengo wogwira mu 2022 silikadasiya magetsi aulere ali mbwee m'mathanthwe.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mtengo umene bodzali likulipiritsa anthu osauka. Munthu amagulitsa mbuzi, kapena thumba la chimanga lomwe likadafikitsa ana ku masika, kuti agule mwala kwa wodutsa m'njira amene mawa lake foni yake sipezekanso. Mnyamata amalowa m'dzenje lomwe wakumba pagombe, dothi la kuno ndi lamchenga, silichedwa kugumuka, ndipo likamukwirira palibe nthawi yoitana anthu. Woopsa koposa ndi amene akufuna "kudzutsa" mwala wake pougunditsa ku mawaya a ESCOM. Mwala umene umalola magetsi kudutsa udzawapititsa m'dzanja lake mpaka kumtima. Makolo, chonde, mwana mukamuona ndi mwala ndi mawaya pafupi ndi soketi, mulandeni nthawi yomweyo.

Palinso chiwonongeko chomwe chimagwera tonse. Dothi lililonse lokumbidwa m'mbali mwa Shire ndi timitsinje take kumtunda kwa damu limatsika ndi mvula n'kukadzaza pa Kapichira, pomwe EGENCO ikulimbana kale ndi matope ndi mchenga. Pomweponso ndi pamene ngalande yaikulu ya ulimi wothirira m'chigwa chino ikuyambira. Wokumba kufunafuna magetsi a m'mwala akuchepetsa magetsi enieni omwe tili nawo.

Sitikunena kuti pansi pa dziko lathu palibe chuma. Ku Ngabu kumapezeka agate wobiriwira ngati thambo, ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu kuli ruby ndi sapphire, ndipo miyala ya m'phiri la Malosa imadziwika mpaka kunja. Koma mtengo wa mwala umadziwika utayezedwa, osati ndi mawu a wogulitsa. Amene watola mwala wachilendo apite nawo ku nthambi ya boma yoona za miyala, Geological Survey, ku Zomba, asanatulutse ndalama kapena kugwira khasu. Tikupemphanso aphunzitsi a sayansi a pa yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi a MUST ku Thyolo kuti atsike Thabwa, abwere ndi pyrite, babu ndi mawaya, akaonetse poyera pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Bangula tsiku la msika kuti popanda batire babulo siliyaka.