Mwini Wake Ndani? Za Malo Athu ndi Makampani Obisala Kunja

Okondedwa Akhristu anzathu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndi anthu onse akufuna kwabwino,

1. Nabote sanatayitsidwe munda wake pa nkhondo. Yezebele analemba makalata, nadindapo chidindo cha mfumu, napeza mboni ziwiri zonama. Olanda malo a masiku ano nawonso chida chawo ndi pepala ndi chidindo.

2. Kuli maiko ndi zilumba, monga Panama ndi British Virgin Islands, kumene maloya amatsegulira munthu kampani ya papepala chabe, yopanda sitolo kapena wantchito. Kampaniyo ndiyo imagula nyumba, maofesi ndi minda, dzina la mwini wake osaoneka. Kutero si mlandu nthawi zonse, koma ndi phanga labwino la wakuba ndi wozemba msonkho. Mu 2016 zikalata zokwana 11.5 miliyoni za kampani ya maloya ya Mossack Fonseca zinaululika, ndipo dziko lonse linaona chuma chimene atsogoleri ena anabisa. Mu 2022 dziko la Britain linalamula makampani akunja amene ali ndi malo kumeneko kuti atchule eni ake enieni.

3. Tisanamizane kuti izi n'zakutali. Akuluakulu athu akukumbukira mmene Lamulo la Malo la 1965 linatsegulira njira yosandutsa minda ya makolo kukhala maesiteti a fodya, osauka n'kusanduka matenanti. Kale tinkamudziwa mwini esiteti, tinkatha kumudandaulira. Nanga mawa mlimi wa ku Mponela, ku Lumbadzi kapena ku Malomo adzagogoda pa khomo la yani, ngati wogula munda ndi kampani ya mwini wosaoneka nkhope?

4. Malamulo tili nawo. La 2016 lokhudza malo a makolo linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, mmene amayi ali ndi mipando yawo. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa kagulitsidwe ka malo kwa anthu amene si nzika. Koma mpanda ulibe ntchito ngati wogula aloledwa kuvala chigoba cha kampani, kapena kubwereka dzina la Mmalawi.

5. Choncho tikupempha boma kuti lisalembetse malo m'dzina la kampani iliyonse popanda kuulula munthu weniweni amene adzadye phindu lake. Maloya, tikukukumbutsani kuti munaphunzira kuteteza chilungamo. Chinsinsi cha kasitomala chisasanduke chofunda cha mbava. Mafumu, malo munangosungizidwa, ndi a ana amene sanabadwe. Inu nonse, musadinde chala pa pepala limene simunawerengeredwe m'Chichewa pamaso pa banja ndi komiti. Funsani poyera: wogulayo ndani, akukhala kuti, ndalamazo wazitenga kuti?

Nkhanga zinapangana kusanapse. Tikambirane mafunso amenewa m'miphakati mwathu tisanataye minda.

Ambuye akudalitseni nonse.